Momwe Ndinaphera Madamu Hilida

Ana inu, sendererani kuno mundithandize kuswa mtedzawu, manja azigwira ntchito, makutu akhale kwa ine. Iwe Dalitso, mwamuna wanga wamng'ono, foniyo ika m'thumba, siithawa. Ndipo iwe Tamara, mkazi mnzanga, usabisale kuseri kwa mlongo wakoyo. Amako andiuza kuti chisiyire kuluka tsitsi ku saluni n'kuyamba ntchito yoika magetsi a dzuwa pamadenga a anthu, sukudya bwino. Akuti m'mawa uliwonse umati, "Lelo bazanigwila kuti siniziba vilivonse." Khala pansi apa. Matenda amenewo ndi akumtundu, unatengera ine. Kusiyana kwake n'kwakuti iwe ukungoonda, pomwe ine ndinafika popha munthu.

Musatong'ole maso. Munthuyo kunalibe. Koma maliro ake analiridwa pakhonde lomwe mwakhalali.

Ndinabwera mu Lusaka muno ndili mtsikana, kuchokera ku Katete. Inu lero mumakwera mabasi okhala ndi kanema m'kati, n'kumadandaula kuti mpando ndi wouma. Ife basi yathu inkayenda tsiku lathunthu ikakhala yakondwa, ikakwiya masiku awiri. Tikafika pamapiri a Manenekera amayi ankatseka maso n'kuyamba kuulula machimo awo mokweza, ndipo tikatsika bwinobwino aliyense ankayang'ana pawindo ngati sanamve za mnzake. Ine ndinali ndi kathumba ka zovala ndi tambala wa azakhali anga, ndipo tambalayo anandinyera pamiyendo kuyambira ku Sinda mpaka ku Chongwe.

Azakhaliwo ndiwo anandipezera ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga. Ndinaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, pakhomo limodzi. Ndinakwatiwa ndi agogo anu a Tembo, awa akuwodzera pampandowa, ndili pantchito yomweyo. Amako a Jeni ndinawabereka ndili pomwepo. M'mawa uliwonse ndinkachoka kuno ku Mtendere wapansi, dzinja m'matope, chilimwe m'fumbi, ndipo nyengo yozizira ndinkavala masokosi a agogo anu. Ntchito ya nthawi imeneyo simungaithe inu. Nsimbi inali ya makala, ukaiwala kuuzira phulusa malaya oyera a bwana ankatuluka ndi mawanga ngati nkhanga. Pansi tinkapaka polishi wofiira, n'kupukuta chogwada mpaka ntchentche ikatera iterereke.

Adona amene ndinkawagwirira anali mayi wamtali, wamtima wabwino, wokonda kuphikira alendo makeke. Poyamba gawo langa linali kuswa mazira ndi kutsuka mabeseni. Kenaka anandipatsa mthiko kuti ndizitakasa. Patapita zaka mkono wawo unagwidwa nyamakazi, ndiye ankakhala pampando n'kumandiuza chochita. Pambuyo pake ngakhale pampandopo anasiya kukhalapo, ankangosuzumira kukhitchini n'kunena kuti, "Alendo asanu ndi atatu, folo koloko." Ine n'kuphika. Iwo n'kunyamula kupita nayo patebulo. Alendo n'kuwomba m'manja kuti, "Koma manja anu mayi." Ine kuseri kwa chitseko, ndi thireyi ya makapu, ndinkavomereza mumtima kuti zoonadi adona ali ndi manja. Sindinkaona ngati akundibera. Ndinkakhulupirira kuti keke ikumvera iwo, chifukwa uvuni unali wawo, ndipo buku la maphikidwe linali lawo, la Chizungu, pomwe ine sukulu ndinalekezera giredi folo.

Adona atakalamba, ana awo anawatenga kupita nawo kunja. Potsanzikana tinalira tonse. Anandisiyira zitini zitatu zophikiramo keke, sefa, ndi chokwapulira mazira chija chopukusa ndi dzanja, osati zamagetsi zanu zolira ngati njinga yamoto. Ndinayenda m'mageti kufuna ntchito ina, koma kulikonse ankafuna atsikana a mawondo atsopano. Ndinayesa kugulitsa matimati pamsewu, anandiwolera m'manja. Ndinayesa makala, ndinkangoda osapindula. Ndinakhala pakhomo, munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu, ndikuyang'ana zitini zitatu.

Amene ananditulutsa m'menemo ndi amake Rashida, aja a nyumba yobiriwira, atelala osoka madiresi a ukwati. Makolo awo anachokera ku Mangochi kalekale, ndipo pakamwa pawo ndi pakuthwa kuposa sizasi yawo. Tsiku la Idi litayandikira anabwera ndi ufa wa tirigu ndi mazira m'mbale.

"Amake Jeni, muphike keke. Ndili ndi alendo."

Ndinati, "Ine ndilibe uvuni."

"Muli ndi mbaula. Muli ndi poto wamkulu. Mchenga uli pabwalo. Ndibwera kudzatenga mawa masana."

Ndinathira mchenga m'poto, chitini pamwamba pa mchenga, makala pansi, ena pachivundikiro. Keke inatuluka yofufuma bwino, yachikasu m'kati. Ndinainyamula kupita nayo kwawo, ndipo ndikanangoisiya n'kubwerera bwenzi nkhani ino kulibe. Koma anandigwira dzanja kuti ndidye nawo mpunga.

Pakati pa alendo panali mayi wina wa magalasi, zikhadabo zopaka zofiira. Anadya chidutswa chimodzi, n'kutenganso china.

"Iyi keke munagula kuti?"

Amake Rashida anandiloza. Mayi uja anandiyang'ana kuyambira pa duku mpaka pa patapata, n'kuima pang'ono pa ming'alu ya kuzidendene.

"Ni imwe munapanga?"

Ana inu, pakamwa panga panayankha pokha, ine ndinangomva. "Iyayi, ine ndine wotumidwa chabe. Amaphika ndi Madamu Hilida a ku Kabulonga."

Hilida inali ng'ombe ya atate anga kumudzi, yaikazi, yokonda kuponda mwendo m'chidebe cha mkaka. Sindidziwa chifukwa chake dzina lake ndilo linabwera. Amake Rashida anatsamwa ndi mpunga. Mayi wa magalasi anagwedeza mutu mokhutira, n'kunena kuti anadziwa kuti keke yotere siingachokere m'komboni. Pomwepo anaitanitsa ina ya tsiku lobadwa la mwana wake.

Mukuseka, koma tamverani momwe zinalili m'mutu mwanga. Wophika makeke, monga ndinkamuonera ine, ndi munthu wovala chisoti choyera chachitali, wa setifiketi yopachika pakhoma, wolankhula Chizungu cha m'mphuno. Ine ndinali wantchito amene waiwala malo ake. Ndinkaganiza kuti keke ikapanda kufufuma, anthu adzati, "Anamunamiza ndani mayi ameneyu?" Koma ikakhala ya Madamu adzati, "Nawonso akatswiri amakhala ndi tsiku loipa." Kumbuyo kwa Madamu kunali kofunda.

Ndipo Madamu anatchuka. Mbiri yawo inayenda Mtendere yense, kudutsa Kalingalinga, mpaka ku Bauleni. Agogo anu anakapangitsa uvuni wa mgolo kwa owotcherera zitsulo, tinauika kuseri kwa nyumba, n'kutchinga ndi malata kuti anthu asaone. Ndinkaphika m'mawa, n'kuika keke m'katoni, kutuluka njira ya kuseri, kuzungulira kumsika, n'kubwerera njira ya kumaso ngati ndikuchokera ku Kabulonga. Ndinkachita kupuma wefuwefu kuti zioneke zenizeni.

Vuto la munthu wopeka n'lakuti anthu amafuna kumuona. Wina akati andiperekeze, ndinkati Madamu ali ndi agalu anayi osamva Chinyanja. Wina akapempha nambala ya foni, ndinkati Madamu foni imawapweteka makutu. Wina anafunsa kumene anaphunzira, ndinati ku Joni. Pakutha pa chaka Madamu anali ndi matenda a shuga, mwamuna womwalira, ndi mwana woyendetsa ndege. Ndinayamba kuwadziwa bwino kuposa abale anga.

Anthu anayamba kuwatumizira mphatso. Uyu nkhuku, uyu mbatata, uyu chikanda chokulunga bwino. "Mukabapase ba Madamu." Ine n'kulandira ndi manja awiri. Agogo anuwa, amene anali owonda ngati mpini wa khasu, anayamba kumasula lamba. Akamatafuna ntchafu ya nkhuku ankati, "Madamu amenewa Mulungu awasunge." Musawaone kufatsa, anali m'chiwembu.

Zina zinkawawa, koma ndinkameza. Mayi wina anandikalipira kuti ndanyamula katoni mopendeketsa. "Simuziba mavuto yamene ba Madamu bamapitamo kupanga ichi chinthu." Ndinapepesa. Wina anandilangiza mwachifundo kuti ndizisuzumirako Madamu akamaphika, mwina tsiku lina ndidzatha kupanga masikono. Ndinathokoza. Ndipo chodabwitsa n'chakuti mumtima ndinkagwirizana nawo. Keke ikakoma ndinkati mazira anali abwino, kapena makala anali a mtengo wouma, kapena ndi mwayi chabe. Ikang'ambika pamwamba, apo ndiye ndinkati ndine. Ndikapereka keke paphwando ndinkaima kuseri kwa mpanda kumvetsera ngati wina wagwa.

Amake Rashida, amene ndinali nditawauza za ng'ombe ija, ankandiyang'ana cham'mbali uku akupalasa makina awo. Tsiku lina anati, "Amake Jeni, ine ndikasoka diresi ndimati ndasoka ndine, ngakhale dzanja limodzi litatalika. Inu mukudyetsa ng'ombe yakufa ulemu wanu."

Ndinati, "Inu munaphunzira kwa atate anu. Ine ndinangoonera."

"Nanga ine kwa atate ndinkatani, ndinkawanunkhiza?"

Komabe sindinasinthe.

Ndiye kunabwera bana Mutale, ndiko kunena kuti amake Mutale. Awa anali mayi wa Chibemba wa ku Kalingalinga, wathupi, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu, mtsogoleri wa amayi a mapemphero kutchalitchi kwawo. Mwana wawo wamkazi Mutale ankakwatiwa. Keke ya phwando la akazi okhaokha lija, la kicheni pate, anali ataitanitsa kale kwa Madamu, ndipo inawakomera. Tsopano ankafuna ya ukwati weniweni, ya nsanjika zitatu.

"Koma iyi ni nkhani ikulu," anatero. "Siningatume muntu. Nifuna nikambe nabo ba Madamu, maso na maso."

Ndinatchula agalu. Anati agalu amawaopa iwo. Ndinati Madamu apita ku Joni. Anati adikira. Sabata itatha anabweranso, ndipo ine, posowa kolowera, ndinati Madamu abwerako koma shuga wakwera, ali gone, dokotala wakana alendo. Bana Mutale anagwira pachifuwa, n'kuchoka mwakachetechete. Ndinapuma, ndinati ndapulumuka.

Lachinayi masana ndinamva nyimbo ikubwera mumsewu. Nditasuzumira ndinaona amayi khumi ndi awiri, mabulauzi oyera, zitenge zofanana, Mabaibulo m'khwapa, bana Mutale patsogolo. Anaima pakhomo pano.

"Tabwela kubapemphelela ba Madamu. Minibasi ili pa kona. Tiyeni mutilangize njila."

Ana inu, ndinayang'ana kumwamba, kunalibe thandizo. Ndinayang'ana kwa amake Rashida, anali atatseka windo. Pakamwa paja panatsegukanso pokha.

"Mwachedwa. Atisiya dzulo."

Wina anafunsa za nyumba ya maliro. Ndinati mwana wawo uja woyendetsa ndege wanyamula kale thupi kupita nalo ku Joni. Amayi aja anayang'anana, n'kuika zikwama pansi. Bana Mutale anati popeza ine ndinali ngati mwana wa malemu, maliro alirira pano. Anayala zitenge pakhonde, mmodzi anayambitsa, onse n'kulandira. Analira ndithu, misozi yeniyeni. Wina ankatchula keke ya ubatizo wa mdzukulu wake, wina ya mwana wake atamaliza sukulu. Anansi anabwera, ena ndi makala, ena ndi ndiwo zamasamba. Nanenso ndinalira, poyamba chifukwa cha mantha, kenaka sindidziwa, mwina chifukwa ndinali ndisanamvepo anthu akuyamikira ntchito ya manja anga motero, ndipo ankayamikira mtembo.

Agogo anu anabwera kuchokera kokhoma mipando, n'kufunsa kuti wamwalira ndani. Atamva kuti ndi Madamu Hilida anakhala pansi pomwepo, n'kugwira mutu. Pa anthu onse, amene analira mochokera pansi pa mtima ndi iwowa. Ankalira nkhuku.

Ndinaganiza kuti ndamasuka. Koma mawa lake sikunabwere munthu, mkuja wakenso ayi. Sabata ziwiri uvuni unazizira, mphaka anayamba kugonamo. Ndinakumana ndi mayi wa magalasi uja kumsika, ndinamunong'oneza kuti mwina ine ndingayeseko, poti ndinkaonerera. Anandisisita paphewa. "Awe mayo, keke si vitumbuwa." Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndapha munthu amene ankandidyetsa, ndipo munthuyo ndine ndemwe.

Ukwati wa Mutale unatsala masiku asanu ndi anayi. Inali nyengo ya maukwati, ophika ena onse anali atadzaza. Amake Rashida, amene ankasoka diresi la mkwatibwi, anabwera kwathu tepi ili m'khosi, osagogoda n'komwe.

"Mwana uja walira lero poyesa diresi, mpaka wanyowetsa nsalu yanga. Akuti ukwati wake udzakhala wa masikono. Mukapanda kupita kukanena zoona, ndipita ndine. Koma ndikapita ine, mudzakhala wabodza wogwidwa. Mukapita nokha, mudzakhala chitsiru chabe. Sankhani."

Ndinasankha uchitsiru. Kuchokera pano kukafika ku Kalingalinga si patali, koma tsiku limenelo ndinayenda maola awiri. Kunali mphepo ya fumbi ija ya mwezi wa Ogasiti. Ndinabwerera kawiri. Ndinaima kugula chinangwa chootcha chomwe sindinkachifuna, ndinathandiza mayi wina wosamudziwa kusenza thumba, ndinaonerera anthu akukonza tayala. Mapeto ake geti la bana Mutale linandipeza.

Anali pabwalo ndi azakhali a mkwatibwi asanu ndi awiri, akusankha mpunga. Ndinagwada patali, n'kuwomba m'manja.

"Bana Mutale, ndabwera kudzaulula. Madamu Hilida kunalibe. Makeke onse aja ndinkaphika ndine, kuseri kwa nyumba yanga, mu uvuni wa mgolo."

Ndinatseka maso kudikira chikwanje. Ndinali nditakonzekera kutukwanidwa, ngakhale kumenyedwa ndi lichero. Chomwe sindinakonzekere n'chakuti sangandikhulupirire.

"Imwe ba mayo," anatero bana Mutale mwachisoni, "muntu akalibe na kuola mu manda, mwayamba kale kumubela zina? Njala siyenela kutichitisa so."

Azakhali aja anagwedeza mitu. Mmodzi anati anthu a masiku ano alibe manyazi. Wina anati iye anawaonapo Madamu Hilida ndi maso ake, m'galimoto yoyera, pa maloboti.

Ana inu, zaka zonse zija ndinali ndisanapsepo mtima chifukwa cha keke. Koma pamenepo unapsa. Ndinadzuka, ngakhale kunali kupanda ulemu.

"Keke ya kicheni pate ya Mutale inkanunkhira chiyani? Mandimu. Mandimuwo ndi a mtengo uli kuseri kwa chimbudzi changa. Duwa lalikulu lija linali kumanzere, mumati n'lokongola, mukudziwa chifukwa chake linali pamenepo? Linkabisa dzenje la chala changa ichi, ndinapunthwa pa mphaka. Ine ndimadziwa kutentha kwa uvuni ndi chikhato chokha. Ndimadziwa dzira loola ndisanaliswe. Ndaphika makeke kuyambira Mutale wanu asanamere mano."

Ndinadzidzimuka ndi mawu anga omwe. Zonse zinali zoona, koma ndinali ndisanazinenepo, ngakhale kwa ine mwini.

Bana Mutale anaika lichero pansi. "Dzenje tinalipeza," anatero. "Koma mwina munaona chabe pamene benze kupanga. Ngati ni zoona, bwelesani uvuni wanu pano. Mailo. Mupange tikuona."

M'mawa mwake agogo anu anakweza mgolo pa wilibala, ine kumbuyo ndi zitini pamutu. Njira yonse anthu ankafunsa ngati atithamangitsa panyumba. Tinaika uvuni pakati pa bwalo la bana Mutale. Azakhali asanu ndi awiri aja anayala mphasa n'kukhala mondandalika ngati oweruza milandu. Mkwatibwi anali pawindo.

Ndinayamba ndi mazira. Dzira loyamba linaphonya beseni n'kuswekera paphazi langa.

"Ba Madamu sibenze kugwesa mazila," anatero zakhali mmodzi.

Lachiwiri linalowa ndi chikamba chomwe. Ndinachivuula ndi chala, wina n'kutsokomola. Ndinamva mawu aja m'mutu akuti, waona, wantchito iwe, bwerera ukapake polishi. Koma nditagwira mthiko n'kuyamba kutakasa majarini ndi shuga, mkono unapeza njira yake. Mkono sudziwa kuti pali anthu akuyang'ana. Ndinasefa ufa, ndinapala khungu la ndimu, ndinalowetsa chikhato mu uvuni n'kuuza agogo anu kuti achotse makala atatu. Sindinamvenso zonena za pamphasa, ngakhale anandiuza pambuyo pake kuti sanasiye kulankhula.

Fungo litayamba kutuluka, azakhali aja anasendera pafupi. Ndinabaya keke ndi kamtengo ka tsache latsopano, kanatuluka kouma. Itazizira pang'ono ndinadula, n'kupereka kwa bana Mutale chogwada. Anatafuna atatseka maso. Anapatsira azakhali. Amene anaona Madamu pa maloboti uja anadya n'kumayang'ana kumbali.

Bana Mutale anatsegula maso. Sananene kuti yakoma. Anatembenukira kwa agogo anu, n'kuyang'ana pamimba pawo.

"Manje nkhuku zanga zibili zija, zinayenda kuti?"

Agogo anu anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo, chonsecho kunalibe mtambo ndi umodzi womwe. Bana Mutale anayamba kuseka, kuseka mpaka kukhala pansi m'fumbi, azakhali n'kumawakupiza ndi lichero. Koma atapukuta misozi nkhope inasintha.

"Keke ya ukwati muzapanga ndimwe. Koma ise tinalila zoona pa khonde panu. Pa Chinayi mubwele mukambe pamaso pa bonse."

Ndinapita. Kuima pamaso pa amayi khumi ndi awiri amene analirira ng'ombe ya atate anga kunali kovuta kuposa kubereka. Ambiri anaseka n'kundikhululukira, nditawalonjeza masikono a pamsonkhano wawo. Mmodzi sanaseke. Anati iye anali atangoika amake m'manda mwezi womwewo, ndipo misozi si madzi a pampopi. Ameneyo mpaka lero sandipatsa moni, ndipo sindimuimba mlandu. Bodza langa ndinkaliona ngati lobisaliramo ine ndekha, osadziwa kuti likuponda ena.

Keke ya nsanjika zitatu ndinaiphika masiku awiri. Tinainyamula pa kagalimoto ka katundu, nsanjika ya pansi ili pamiyendo panga, ziwiri zina pa amake Rashida ndi agogo anu, ndipo pa dzenje lililonse la mumsewu tonse atatu tinkapemphera, aliyense m'chipembedzo chake. Inafika yathunthu. Nthawi yodula keke itakwana, woyendetsa mwambo anakuwa pa chimkuzamawu kuti amene anapanga chinthu chokongolachi aimirire anthu amuone. Ine ndinacheuka kuyang'ana kumbuyo. Zoonadi, ndinacheuka kufuna Madamu. Amake Rashida ananditsina pantchafu, chitsino chomwe chinasiya chizindikiro sabata yathunthu, ndipo ndinapezeka ndaimirira. Anthu anawomba m'manja, nthungululu zinalira. Sindinadziwe koika manja anga, ndiye ndinawombanso nawo.

Kuyambira pamenepo malata otchinga uvuni tinachotsa. Makeke a maukwati amene ndaphika sindingawawerenge, ndipo sukulu ya amako inatha ndi mgolo womwe uja. Koma musaganize kuti mawu a m'mutu aja anasamuka. Mpaka lero munthu akaitanitsa keke ya mtundu wachilendo, izi za masiku ano zojambula nkhope ya munthu pamwamba, mawu aja amati, lero akugwira. Ndimawayankha kuti mwina, koma taimani nditakase kaye. Mantha ndinalephera kuwathamangitsa. Chimene ndinasiya n'kuwapatsa dzina ndi nyumba ku Kabulonga.

Pali munthu mmodzi yekha amene nkhaniyi siinamufike. Ndi agogo ake a mkwati uja, a NaSakala, okhala kuseri kwa msika, amene makutu awo anatseka kalekale. Anali atadyapo keke ya Madamu kawiri, ndipo za imfa anazimva, koma za kuuka kwake palibe anatha kuwafotokozera. Adzukulu awo anayesa kukuwa, anayesa ndi manja, gogoyo ankangoti, "Eya, anali munthu wabwino." Chaka chilichonse pa Khirisimasi amatuma kuti ndiwaphikire kakeke kakang'ono. Ndimapita nako ndekha. Amanyema, n'kutafuna ndi nkhama pang'onopang'ono, kenaka amandigwira dzanja.

"Wayesetsa, mwanawe. Koma ya malemu Madamu inali ina."

Ine ndimati, "Zoona amayi, anali ndi manja."

Chaka chathachi ndinawonjezera mazira awiri ndi majarini wabwino, kuti mwina ndiwapose malemuwo. A NaSakala anatafuna nthawi yaitali kuposa kale, anamwera tiyi, n'kunyemanso kachiwiri. Kenaka anandisisita pamkono n'kunena kuti ndikuyandikira.